Mbuzi ya Mzungu Wotitimira

Mboni zanga ndi zitatu: a Mwanaisha ogulitsa zitumbuwa, a Yohane Phiri, ndi mbuzi imodzi. A Mwanaisha anamwalira, mbuzi tinadya, koma a Yohane alipo kwa Malengachanzi, mukawafunse.

Chinali chilimwe, mudzi wonse ukununkha usipa woyanika pathandala, zaka zija munthu sunkalowa mumsika wopanda khadi la chipani. Bambo anga a Saidi ndi a Phiri, bambo ake a Yohane, mkulu wa mpingo, anali atatha zaka ziwiri osapatsana moni chifukwa cha mzere umodzi wa mpunga m'malire a munda. Kale a Phiri akafuna kupha chiweto ankaitana bambo kuti achinje, kuti ife Asilamu tidye nawo. Zimenezo zinatha. Udaniwo unakula mpaka nkhuku zathu zikafika pampanda zinkabwerera zokha. Ndikulumbira. Koma ovutika kwenikweni tinali ife: ine ndinali ndi mpira, Yohane anali ndi pampu, ndipo anatiletsa kulankhulana. Mpira unangogona pansi pa bedi, wophwa ngati papaya lovunda.

Tsiku lina masana, mzungu ndi mkazi wake, alendo odzaona nyanja, anatitimira ndi galimoto mumchenga pakati pa nyumba zathu ziwirizi. Mwamunayo anali atamumeta polowa m'dziko chifukwa cha tsitsi lalitali, khosi lili mbee ngati chinangwa chosenda. Tinakankha mudzi wonse, Asilamu kumanja, Akhristu kumanzere, aliyense kufuna kuposa mnzake, moti galimoto inangozungulira pamodzimodzi kanayi. Ndinawerenga. "Inu, kankhirani kumodzi, alendo akutiona!" anakalipa a Mwanaisha. Inatuluka.

Pothokoza, mzungu anagula mbuzi kwa a Phiri kuti tidye tonse. A Phiri atangotulutsa mpeni, Asilamu anayamba kusasa fumbi kumatako nkumachoka mmodzimmodzi. Mayi wachizungu anafunsa ndi manja ngati mbuziyo yachepa. A Phiri anayang'ana mlendo, anayang'ana mpeni, kenako anayenda mpaka pampanda.

"A Saidi, mpeni wangawu wabuntha."

Mpeniwo ukanatha kumeta ndevu za udzudzu. Bambo anauyesa ndi chala nthawi yaitali.

"Wabunthadi," anatero. "Bwerani nayoni mbuziyo."

Nyama isanapse, ine ndi Yohane tinali titapopa kale mpira. Ndinauponda kamodzi, ndipo asodzi anaubweza mawa lake kuchokera pakati pa nyanja.

Nthawi imeneyo ndinkakhulupirira kuti azunguwo anawoloka nyanja zonse kudzandipopetsera mpira. Lero ndikudziwa kuti akuluakulu awiriwo anali atatopa kalekale, ankangosowa mlendo womuchitira manyazi. Mzere wa mpunga uja sanaukambenso. Chaka chimenecho unadyedwa ndi mbalame.