Filimu ya a Lestina m'munda wa mapira

Ku malaini, nyumba za antchito a pa esiteti ya tiyi, palibe amene amawaitana ndi dzina lawo lenileni. Ana, makapitawo, ngakhale abusa, onse amangoti a Kanema. Dzina lawo ndi a Lestina, ndipo anabadwira kufupi ndi Chimaliro, kwa makolo amene anaoloka malire kuchokera ku Mozambique atasenza mtondo ndi mphasa basi. Anayamba kuthyola tiyi mawere asanamere. Anali ndi manja achangu: masamba awiri ndi kansonga, kuponya m'dengu la kumsana, osacheuka. Anzawo akamafika pakati pa mzere, iwo amakhala ali kale ku sikelo.

Dzina la Kanema linabwera chonchi. Zaka za m'ma 1970 zitangoyamba, kunafika azungu atatu ndi womasulira wa ku Blantyre, kudzajambula filimu yoonetsa anthu akunja kumene tiyi wawo amachokera. Ankafuna mtsikana mmodzi woti akhale mwini filimu yonse. Kapitawo anakankhira kutsogolo mwana wake, atamudzoza mafuta mpaka m'makutu, koma mzungu wamakina ojambulira analoza a Lestina chifukwa cha kampata ka pakati pa mano awo. Nthawi imeneyo amuna awo anali ku migodi ya ku Joni, ndipo iwo anali ndi mwana wamwamuna, Dixon, amene anali atangoyamba kukwawa.

Anawaveka duku wachikasu, nawauza kuti azithyola chitsamba chimodzimodzi mpaka chinatsala ndodo zokha. "Sekani, mayi! Akuti museke kwambiri!" ankatero womasulira. Iwo ankaseka mpaka masaya kuwawa. Tsiku lomaliza, Dixon, amene anamugoneka pamthunzi wa bulugamu poti kumsana kunali dengu, anadzuka n'kuyamba kulira. A Lestina sanapemphe chilolezo. Anatula dengu, kuthamanga, kumunyamula m'mwamba, mwanayo n'kuyamba kuseka. Kapitawo anafuna kukalipa, koma mzungu anakweza dzanja, makina akuzungulirabe.

Patapita miyezi, galimoto ya kanema inabwera kudzaonetsa filimuyo pakhoma loyera la fakitale. Esiteti yonse inakhamukira kumeneko kupatula a Lestina. Iwo anali ku chipatala ku Makwasa, Dixon atagwidwa ndi chikuku. Sabata yomweyo anamuika m'manda. Pamaliro azimayi ankawanong'oneza kuti, "Tinamuona mwana wanu pakhoma, mutu wake waukulu ngati nyumba, akuseka." Ankati akuwatonthoza. Sankadziwa kuti akuwabaya, chifukwa Dixon analibe chithunzi ngakhale chimodzi, ndipo aliyense anali atamuona pakhomapo ali wamoyo, akuseka, kupatula amake.

Amuna awo atabwerako ku Joni anakakwatira kwina. A Lestina sanaberekenso. Analera ana a mchemwali wawo, anathyola tiyi mpaka mawondo anakana, kenako anayamba kukazinga zitumbuwa n'kumagulitsa pachipata cha fakitale. Bwana watsopano aliyense akafika, ankavala chitenje chawo cha ku tchalitchi n'kukaima pakhomo la ofesi kufunsa za filimu ija. Yankho linali lomwelo: inapita ku Ulaya, mayi. Anthu anazolowera kuwaseka. "A Kanema, lero mukuonetsa nthawi yanji?" Iwo ankangoonetsa kampata kaja n'kupitirira.

Chaka chatha maso anayamba kuwathawa. Lakumanzere linazima lonse. Lakumanja linatsala ngati munthu akusuzumira m'kabowo ka bango: amaona kadera kakang'ono kutsogolo, m'mbali monse muli mdima. Adokotala anawauza mosabisa kuti si ng'ala yoti n'kuchotsa, ndipo kabowoko kadzatsekeka.

Amene amawasamala tsopano ndi Triza, mdzukulu wa mchemwali wawo uja, mayi wa ana awiri amene ali ndi benchi ya tomato ndi anyezi pa msika wa pa Boma. Tsiku lina akuwathira mankhwala m'maso, a Lestina anamugwira dzanja mwamphamvu.

"Triza, khungu sindikuliopa. Ndikuopa kulowa mumdimamo ndilibe nkhope yake."

"Nkhope ya ndani, anganga?"

"Ya Dixon. Ndikatsinzina ndimaona timiyendo take, ndimaona kamalaya kobiriwira kamene ndinamusokera. Ndikakwera kufika pakhosi, pamwamba pake pali nkhungu yokhayokha. Inandithawa osandiuza. Mayi wotani ine?"

Triza anatseka kabotolo ka mankhwala.

Nkhani inabwera mwezi wa Juni, kudzera mwa a Peterson, amene anagwirapo ulonda ku kalabu yakale ya mabwana. Anaima pa benchi ya Triza akufinya tomato amene sankafuna kugula.

"Asiyeni tomato wanga, bambo, si mawere a ng'ombe amenewo."

"Iwe, ndabwera ndi nkhani ya agogo ako, ukundithamangitsa? Asesa chipinda cha kuseri kwa kalabu. Zonse agulitsa ngati zitsulo zakutha. Munali zitini zophwatalala, zozungulira ngati lichero. A Hopeson a kumtunda kwa dambo atenga zoti nkhuku zawo zizidyeramo. Zam'katimo, malamba aatali onyezimira, amanga m'munda wa mapira kuopsezera mpheta. Ine ndinayang'ana kachidutswa padzuwa. Muli mtsikana wa duku wachikasu."

"Amanga liti?"

"Papita timasabata."

Triza anasiyira mnzake benchi, osamuuza ngakhale mitengo, n'kuthamangira kunyumba. A Lestina atamva sanalire. Anangoyamba kufufuza nsapato zawo ndi manja pansi pa bedi. Filimu imene anaiyendera ku ofesi moyo wawo wonse inali isanapite ku Ulaya kulikonse. Inali kuseri kwa khoma limene ankadutsa m'mawa uliwonse ndi beseni la zitumbuwa.

Anakwera njinga yamoto onse awiri, a Lestina pakati pa woyendetsa ndi Triza. Kum'mwera, pamwamba pa minda ya tiyi, nkhungu ya chiperoni inali itayamba kutsika, ndipo mphepo inali yozizira ngati madzi a m'chitsime.

A Hopeson anawapeza akukonza khola. Atamva chimene abwerera anavula chipewa n'kuchipinda m'manja.

"Pepani, mayi, ine ndinaona ngati ndi matepi a nyimbo akuluakulu. Chikhala ndinadziwa..."

"Ali kuti?" anatero a Lestina.

Munda wonse unali kung'anima. Malamba anayenda kuchokera pa ndodo ina kukafika pa ina, pamwamba pa ngala za mapira, akupotokola ndi kulira ndi mphepo. A Lestina anagwira lamba woyamba, kumukweza pafupi ndi diso lawo lamoyo. Sanaone kanthu. Zithunzizo zinali zazing'ono ngati chikhadabo cha chala.

"Triza, ndiuze. Muli chiyani?"

Triza anayang'ana moloza kumwamba. "Mulibe kanthu, anganga. Dzuwa ladya. Mwangoyera ngati pepala la shuga."

Anasuntha. Lamba wachiwiri anali womata, wonunkha ngati viniga, ndipo chithunzi chinatsalira pa zala za Triza ngati utoto. Mu wachitatu munali fakitale ndi mathirakitala. Kenako Triza anakuwa.

"Ndi inu! Anganga, ndi inu! Mayo ine, munali chiphadzuwa chotere? Onani kampata!"

"Ineyo ndikudzidziwa. Pita kutsogolo."

"Pano mukuthyola. Pano mukusekabe. Pano mwasenza dengu..."

"Ndati sindikufuna nkhope yanga! Ndinaiona pa galasi mpaka inakwinyika. Funa mtengo wa bulugamu. Ali kumapeto."

Koma kumapeto kunali kuti? A Hopeson anali atadula filimuyo ndi chikwanje monga mmene ndodo zinatalikirana, n'kumanga mosasamala kuti mutu ndi uti. Anthu atatuwo anayenda mzere ndi mzere, masamba a mapira akuwacheka m'mikono. Nkhungu inafika. Timadontho tinayamba kukhala pa malamba, ndipo paliponse pamene Triza anapukuta ndi chala, chithunzi chinkachoka. A Lestina anavula chitenje chapamwamba n'kuyesa kufunditsa lamba amene anali pafupi, kenako wina, akupunthwa m'mizere, ngati munthu wofuna kufunditsa munda wonse ndi nsalu imodzi. Anagwa chogwada. Anadzuka. Anagwanso.

"Mulungu wanga, mwandisungira zaka zonsezi kuti ndidzamupeze akusungunuka m'manja mwanga?"

"Mayi, tiyeni mukakhale pakhonde, muzizidwa," anatero a Hopeson.

"Mukandichotsa muno mundinyamule ngati mtembo."

Triza ndi munthu wa pamsika, amadziwa kuti katundu wapansi pa dengu ndi amene sapsa ndi dzuwa. Anasiya kuyang'ana malamba olendewera n'kufunsa a Hopeson kuti pomanga ankayambira pati ndipo anathera pati. Iwo analoza ndodo ya pangodya, pafupi ndi nthochi. Pamenepo lamba anawatsalira wautali, ndipo poti analibe pomupititsa anangomukulunga kuzungulira ndodoyo kambirimbiri.

Triza anamasula pang'onopang'ono, a Hopeson atatambasula jekete pamwamba pake. Zokulunga zakunja zinali zoyera. Zam'kati zinali ndi mtundu. Munali thunthu la mtengo. Munali mtsikana akuthamanga, dengu lili pansi. Munali mtsikanayo atawerama. Kenako lamba anathera pamene chikwanje chinadutsa.

"Wapeza?" Mawu a Lestina anali ngati a mwana.

Triza anayang'ana kachithunzi komalizira nthawi yaitali. Kunyamula m'mwamba kuja, kuseka kuja kumene esiteti yonse inaona pakhoma, kunalibe. Kunapita ndi dzuwa penapake m'mundamo. Anatulutsa foni, a Hopeson atagwira kachidutswako moloza kumene kumwamba kunali kowala, najambula kangapo mpaka chinaoneka bwino. Anachikulitsa ndi zala mpaka chinadzaza galasi lonse.

"Anganga, sindikunamizani. Nkhope yonse palibe. Mwangomutola kumene, wayang'ana kumbali. Pali tsaya, khutu, ndi diso limodzi."

"Bweretsa."

Anaigwira foniyo ndi manja awiri, naiyendetsa pang'onopang'ono kutsogolo kwa kabowo kawo, kufuna pamene kuwala kungalowere. Anayamba ndi kamalaya kobiriwira, kamene ankakadziwa. Anakwera kufika pakhosi. Apa anaima, ndipo Triza anawagwira m'zigongono. Anakwerabe.

"Khutu lopindika pamwamba," anatero motsitsa. "Ngati la bambo ake. Ndinaiwala, Triza. Ndinkalipinda ndi chala akamayamwa, kuti mwina liwongoka." Anayendetsanso foni pang'ono. "Ndi tsaya ili. Msozi uwu, anali akulira, ndinachedwa kumumva."

Galasi la foni linazima lokha. A Lestina anakuwa ngati awatsina, Triza n'kuliyatsanso msanga.

"Tiyeni kunyumba, anganga. Chili mufoni, sichithawanso. Mawa ndikachitsukitsa pa Boma, chachikulu ngati kalendala."

"Mawa diso ili mwina lidzakhala litatseka. Ndisiye ndimalize kumuloweza."

Chiperoni chinakhuthala mpaka nthochi za pangodya zinasowa. A Hopeson anaimabe atatambasula jekete pamwamba pa mitu yawo, madzi akuwatsikira m'manja mpaka m'khwapa. A Lestina anakhala pansi m'matope, natsinzina, natsegula kuyang'ana pa foni, natsinzinanso, kuyesa ngati khutu lija likutsala mumdimamo. Ulendo wina anatsinzina nthawi yaitali osatsegula, chala chawo chachikulu chikupinda m'mphepete mwa chitenje pang'onopang'ono.

"Lilipo," anatero.