Bwalo la Phulusa ku Nsanama

Fungo limene limandibweretsera agogo anga aamuna, a Namakhula, ndi la fumbi lowazidwa madzi dzuwa likuswa mtengo, losakanikirana ndi phulusa. Tsiku limene timu ya dziko lathu inkasewera mu mpikisano wa mayiko oyandikana nafe, agogo ankasesa okha pansi pa mtengo wa mango kwathu ku Nsanama, n'kuwaza madzi, kenako n'kujambula bwalo lonse la mpira ndi phulusa, mizere yake yowongoka ngati ayeza ndi chingwe. Mabatire a wailesi ankakhala atayanikidwa padenga la nkhokwe kuyambira m'mawa kuti awonjezere mphamvu.

Nthawi imeneyo kanema kunalibe. Mpira tinkauonera m'manja mwa agogo. Njere khumi ndi imodzi za nandolo zinali anyamata athu, za chimanga zinali alendo, ndipo mpira unali kamwala koyera. Woulutsa akati wakuti wapatsira mnzake kumanzere, dzanja la agogo linali litafika kale kumeneko. Amuna a m'mudzi monse ankazungulira bwalolo atanyonyomala, akukalipira njere ngati zimamva, ife ana tikusuzumira m'mipata ya mapewa awo.

Chaka chatha, pamaliro ena kuno ku Balaka kumene ndikukhala, ndinamva mdzukulu wa a Chikopa akuuza anthu kuti bwalo la phulusa anayambitsa ndi agogo ake. Limenelo ndi bodza. Kope langa la Sitandade 5 ndikadali nalo, ndipo za tsiku limene ndikufuna kunenali ndinazilemba momwemo. A Chikopa, amene ankakhala kutsidya kwa msewu, anagwirapo njerezo kamodzi kokha, ndipo sanamalize n'komwe.

Tsikulo tinkasewera ndi Mozambique, kwawo konko. Agogo anabadwira kutsidya kwa malire, kupitirira Nayuchi. Anabwera m'dziko muno ali mnyamata, anagwira ntchito pa njanji, anakwatira kuno, ndipo ana awo awiri anagona m'manda a kuno. Koma atangotulutsa chitini cha njere, a Chikopa anatambasula dzanja.

"Lero musagwire ndinu, madala. Akusewerawa ndi abale anu. Mutibera mpira."

Anthu anaseka. Pomva kusekako, a Chikopa anawonjezera mawu aja amene anthu ena ankatinyoza nawo ife Alomwe. Sindiwalemba pano, ndipo ngakhale m'kope muja sindinawalembe. Agogo anapukuta phulusa m'manja, n'kupereka chitinicho, n'kukakhala pakhonde okhaokha.

A Chikopa ankaganiza kuti ndi ntchito yophweka. Woulutsa ali pagolo la chimanga, iwo anali akufunafunabe kamwala pakati pa bwalo. Thukuta linkagwera pamizere. A Saidi, atelala a pamsika, analephera kupirira.

"A Chikopa, goloboyi wathu akutani pakati pa bwalo? Wapita kokagula fodya?"

Chigawo choyamba chinatha popanda chigoli. Chachiwiri chitangoyamba, mawu a woulutsa anaduka. Wailesi inapepesa kuti lamya yochokera kubwalo yavuta, n'kuyamba kuimba nyimbo. Wina anaigwedeza, wina anaikweza m'mwamba, wina ananyambita mabatire, koma inapitiriza nyimbo zake. Apo mpamene agogo anadzuka pakhonde paja. Sanafunse munthu. Anatenga wailesiyo n'kuyamba kupotokola pang'onopang'ono, khutu atagunditsa, mpaka panamveka mawu a mwamuna akuthamanga m'Chipwitikizi. Pa anthu onse amene tinali pamenepo, chilankhulocho ankachimva ndi iwo okha. Anagwada, n'kukonza njere zonse m'malo mwake, mpira n'kuyambanso kuyenda.

Sipanapite nthawi, mwamuna wa m'wailesi uja anakuwa mpaka mpweya kumuthera. Agogo anakankhira kamwala m'golo la nandolo.

"Atigoletsa," anatero motsitsa.

"Ndinanena ine!" anatero a Chikopa. Palibe anatsutsa. Ena anagwira kumutu, ena analavula pansi.

Kenako mawu a woulutsayo anazizira, n'kumalankhula ngati akulengeza zovuta. Agogo anamvetsera, n'kukankhira kamwala m'golo la chimanga.

"Tabweza."

Amuna aja anangoyang'anana. Mpira uli pafupi kutha, woulutsa uja anang'ung'udzanso kamodzi, ndipo agogo anadumpha ngati mnyamata, mawondo awo okalamba akuthetheka, n'kuyamba kuvina pabwalo lawo lomwe, phulusa likufuka, njere zikumwazika.

"Ziwiri! Anyamata amwetsa ziwiri!"

"Iyayi, musatinamize ngati ana," anatero a Chikopa. "Chigoli chanji chopanda phokoso? Mukufuna mutikondweretse kuti tikubwezereni chitini."

Ngakhale a Saidi anaweramitsa mutu. Agogo ankavinabe, koma okha, ndipo ndinaona mapazi awo akuyamba kulemera, nkhope ikufunafuna woti ayang'anane naye. Ndinali mtsikana wa zaka khumi ndi chimodzi, wosaloledwa kulowa pakati pa amuna. Ndinadutsa pakati pawo, ndinamanga nsalu yanga m'chiuno, n'kulowa m'phulusamo. Tinavina awiri, agogo akuimba nyimbo ya Chilomwe imene sankaiimba pagulu, ine ndikuyankha mokuwa ngakhale mawu ena sindinkawadziwa.

Amunawo sanabalalike. Anadikira nkhani za madzulo, dzuwa litapendeka, nkhuku zikuyamba kulowa. Wowerenga nkhani atanena kuti tapambana ndi zigoli ziwiri kwa chimodzi, mudzi wonse unaphulika, amayi akululutira, ana akumenya zidebe. A Chikopa anavula chipewa n'kupita pamene agogo ankatola njere zawo imodziimodzi.

"Zinali zoona, madala."

Agogo sanadzutse mutu. "Chigoli chawo chija munandikhulupirira pomwepo. Zathu ziwirizi mwadikira mpaka sikisi koloko."

A Chikopa ananyonyomala n'kuyamba kutola nawo. Mpikisanowo unapitirira, masewero ena tinapambana, ena tinagonja, koma mpaka agogo kumwalira panalibenso munthu anatambasulira dzanja chitini chija.

Ine ndakula kukhala munthu wovuta. Ana anga amadandaula kuti sindivomera chinthu ndisanachione cholembedwa, ndipo sakunama. Koma pa zonse zimene ndachita m'moyo wanga, chimene ndimachinyadira kwambiri ndinachichita ndilibe umboni uliwonse: agogo anga ananena kuti tagoletsa, ndipo ine ndinadzuka n'kuvina.