Tsiku Limene Bambo Anaseka Yankho Lolondola

Bambo anga anaphunzitsa kusekondale zaka makumi atatu. Ana asukulu ankawatchula kuti Achoko, chifukwa manja a malaya awo ankangokhala mbuu. Iwo kwenikweni anali mphunzitsi wa masamu. Fizikisi inawagwera chaka chomwe mwini wake anasiya ntchito pakati pa teremu, ahedi n'kungoti, "Inu ndinu a manambala, zonsezi n'chimodzimodzi." Ndiye ankawerenga mutu lero, mawa n'kukauphunzitsa ngati anabadwa nawo.

Tsiku lina anajambula pa bolodi timadontho tiwiri, machaji awiri a pozitivi ofanana, n'kuika kamtanda pakati penipeni. Funso linali lakuti, mphamvu ya magetsi yochokera ku machaji onse awiri ndi yochuluka bwanji pa kamtandapo? Anawerengera ya kumanzere, anawerengera ya kumanja, n'kuphatikiza manambalawo, basi.

Mtsikana wina wa pa benchi lakumbuyo, amene sankayankhulayankhula, anakweza mkono.

"Aphunzitsi, ine ndapeza ziro."

"Ziro? Wapeza bwanji?"

"Iyi ikukankhira kumanja, iyo ikukankhira kumanzere, mofanana. Ndiye zikuthetsana."

Bambo anaseka. "Machaji awiri athunthu, iwe n'kupeza ziro? Ziroyo ndi imene ili m'mutu mwakomo."

Kalasi yonse inafa nako kuseka, ndipo kuchokera tsiku limenelo anzake anayamba kumuitana kuti Ziro.

Pa buleki Bambo anatsegula buku m'chipinda cha aphunzitsi. Pa tsamba lotsatira, limene dzulo lake sanafikepo, panali mivi iwiri yolozana. Mphamvuzi siziphatikizidwa ngati mazira m'dengu, uyenera kuyamba waona kumene iliyonse ikuloza. Mtsikana uja ananena zoona. Bambo anawerenganso tsambalo, tiyi wawo n'kuzizira.

Kalasiyo inali khomo lachitatu chabe kuchokera pomwe anakhala, koma sanapiteko. Sabata yotsatira anangoti, "Tiyeni tionenso funso lija," n'kujambula mivi, n'kulemba ziro pa bolodi ngati nzeru zawo. Kumbuyo sanayang'aneko. Teremu yotsatira mtsikanayo anasiya fizikisi.

Pambuyo pake Bambo anadzakhala mphunzitsi wabwino wa phunziroli. Mwana akawatsutsa, ankamupatsa choko n'kumuuza kuti, "Bwera udzationetse." Makolo ankawatama kuti ndi munthu wodzichepetsa, iwo n'kumangogwetsa nkhope. Nkhani ija sanauzeko munthu, ngakhale Amayi.

Ine ndinaidziwa atapuma pa ntchito. Matenda anali atawaondetsa, ndiye ndinawaperekeza kwa telala kuti akachepetse thalauza lawo. Telalayo anali mayi wonenepa bwino, wa imvi pang'ono. Anawayeza m'chiuno, n'kuyang'ana nkhope yawo kawiri.

"Aphunzitsi, simukundikumbuka? Ndine Ziro."

Bambo anagwira tebulo lodulirapo nsalu.

"Mayi, yankho lanu lija linali lolondola," anatero. "Ndinadziwa tsiku lomwelo."

"Inenso ndinadziwa kuti mwadziwa," anayankha telalayo akupinda tepi. "Kusekedwako ndinakuiwala kale. Koma tsiku munalemba ziro pa bolodi lija ndinadikira kuti munditchule. Ndinadikira mpaka belu."

"Pepani kwambiri."

"Zinapita zimenezo. Kwezani mkono, ndiyeze apa."

Pakhoma panali chithunzi cha mtsikana wovala yunifolomu. Bambo atamva kuti ndi mwana wa telalayo ndipo akuphunzira fizikisi, anadzipereka kuti azimuthandiza Loweruka lililonse.

"Zikomo, aphunzitsi, musavutike," anatero mayiyo mwaulemu. "Ndimamuthandiza ndekha."

Pobwerera sitinakwere basi. Bambo anafuna kuyenda pansi, ndipo m'njira monse ankandifotokozera nkhaniyi, osadzichepetsera mlandu pena paliponse. Ndinayesa kuwatonthoza kuti aliyense amalakwitsa.

"Kulakwitsa sindikukudandaula, mwanawe," anatero. "Koma ndinali ndi mpata wa zaka ziwiri zathunthu iye asanamalize sukulu, ndikukumana naye pakhonde tsiku ndi tsiku."

Thalauzalo linatha Lachisanu. Bambo anavala nsapato, anafika pageti, kenako anabwerera n'kunena kuti mwendo ukuwapweteka. Ndinakatenga ndine.