Laputopu ya Mayi Mawa

Achemwali anga ndi telala, ndipo msewu wonse umawatchula kuti Mayi Mawa, chifukwa ukawafunsa za chovala chako yankho limakhala lomwelo. Shopu yawo ndi kachipinda kogundizana ndi kanga, momwe ine ndimameteramo anthu. Kukhoma kuli makina osokera amagetsi, pamwamba pake shelefu ndi soketi, ndipo pazenera pali tebulo lodulirapo nsalu. Phokoso la makinawo linawagonthetsa makutu. Pafoni samva kanthu, amamva akamaona milomo ya wolankhulayo.

Manja awo sadziwa kukhala chete. Makina akangoima, amatenga maginito amene anachotsa m'sipika yakufa n'kumasesa nawo patebulo, kutola mapini ndi masingano. Akakwiya amatero, akachita manyazi amateronso, mwina ngakhale iwo eni osadziwa.

Ali ndi mwana mmodzi, wamkazi, namwino amene amagwira ntchito kutali. Mwanayu anakwatiwa ndi mwamuna amene achemwali sanamufune, ndipo achemwali, pouma mutu monga tilili tonse kwathu, sanapite ku ukwati. Anakana ngakhale kusoka diresi. Munthu wosokera akwati a tauni yonse, kukana mwana wobala yekha. Ndinawakalipira nthawi imeneyo, koma mawu anga anangopita ndi mphepo.

Patapita zaka, mwana uja anatumiza laputopu yake yakale kuti azilankhulana akuonana nkhope. Magetsi akakhalapo zinkayenda bwino. Laputopu inkakhala pashelefu, chingwe chili kusoketi, achemwali n'kumayankha uku akusoka, nkhani zake za mvula ndi za msana wowawa. Koma magetsi akathima m'shopumo mumada, ndiye ankazula chingwe n'kukaika laputopu patebulo lapazenera. Ili pamenepo inkangozima yokha pakati pa nkhani, chikhalirecho batire likuonetsa kuti ndi lodzaza.

Tsiku lina mwanayo anandiimbira ine.

"Malume, amayi akundidula dala," anatero.

"Ayi mwanawe, ndi batire."

"Batire lanji lomwe limafa ndikangotchula za ukwati wanga? Malume, ine ndine woyembekezera. Ndikufuna ndiwauze tikuonana, koma tiyambe tathana nazo zakalezi. Loweruka masana ndiimbanso. Akandidula, basi, sadzandimvanso."

Mwanayu ndimamudziwa, kuuma mutu anatengera amake.

Ndinanyamula laputopu kupita nayo kwa wokonza makompyuta. Anaiyatsa popanda chingwe, inagwira ntchito tsiku lonse osazima. Anaitsegula, anaipukuta fumbi, anayang'ana ngati ikutentha kwambiri, osapeza kanthu. Poona nkhope yanga anangoikamo batire lina kuti ndimuchokere. Ndinaiyesanso mu shopu yanga, bwinobwino. Koma madzulo ake magetsi atathima, achemwali akuonerapo masitayilo a madiresi patebulo lawo, inazimanso.

Loweruka linakwana, ndipo magetsi, omwe sadziwa chisoni, anathima m'mawa. Ndinasiya munthu pampando atametedwa mbali imodzi n'kulowa kwa achemwali. Ndinaika laputopu patebulo, ndinaiyatsa, tonse n'kumaiyang'ana. Sinazime. Apa ukali unandikwera.

"Achemwali, tandiuzani zoona," ndinalankhula nditawayang'ana kumaso kuti aone milomo yanga. "Kwa wokonza siizima. Kwa ine siizima. Ikuzima pamene pali inu basi. Kodi simuidina nokha?"

"Achimwene, inunso mukundiganizira zimenezo?"

"Munakana diresi. Kudina batani kungakuvuteni?"

Mawu amenewo anawalasa, ndipo ine ndinamva chisoni nditawatulutsa kale. Anaweramitsa mutu, dzanja lawo n'kupita lokha pamaginito aja. Anayamba kusesa patebulo, uku ndi uku, mapini akudumphira. Dzanja litafika m'mphepete mwa laputopu, pafupi ndi mabatani, sikirini inada.

Ndinawagwira mkono. "Musasunthe."

Ndinaiyatsanso, ndinatenga maginitowo n'kuwayandikiza pamalo omwewo. Inazima. Nditamuimbira wokonza uja anaseka mpaka kutsokomola. Anati m'mphepetemo muli kachida kamene kamamva maginito a m'chivindikiro, n'kuuza laputopu kuti yatsekedwa. Maginito a achemwali ankainamiza kuti munthu waitseka, iyo n'kudzigonera. Pashelefu maginitowo sankaifika, chifukwa malo awo ndi patebulo.

Ndinawafotokozera achemwali ndikuyembekeza kuti asangalala. M'malo mwake nkhope yawo inagwa.

"Ndiye kuti mwanayu amanena zoona," anatero motsitsa. "Akayamba nkhani ija, ine manja amandiyabwa."

Ndinakaponya maginito m'dirowa ya mu shopu yanga, ndinamalizitsa kumeta munthu uja ndi sizasi mwaphuma, n'kubwerera. Ndinawapeza atakhala tsonga pampando, manja ali pamiyendo, akupotokola tepi yoyezera. Ankaopa, ndipo inenso ndinkaopa. Nanga bwanji ikazima pa chifukwa china? Ndinayang'ana batire mobwerezabwereza mpaka maso kuwawa.

Laputopu itaitana, achemwali anadzidzimuka ngati alumidwa ndi mavu. Nkhope ya mwana inatulukira, yotupa pang'ono, yosamwetulira. Analonjerana mwachidule. Ine ndinaima pakhomo kutchinga makasitomala.

"Amayi, lero sindifunsa za msana," mwanayo analankhula pang'onopang'ono kuti milomo yake ioneke. "Tsiku la ukwati wanga ndinavala diresi yobwereka. Inali yaikulu, anachita kuimanga ndi mapini kumbuyo. Tsiku lonse ndinkayang'ana kukhomo, kuti mwina mutulukira."

Dzanja la achemwali linanyamuka n'kupapasa patebulo. Silinapeze kanthu. Linabwerera pamiyendo. Sikirini inali chiwalire, ndipo kunalibe kothawira.

"Ndinakulakwira, mwana wanga," anatero, mokweza monga amalankhulira anthu ovutika kumva, moti ngakhale odutsa mumsewu anacheuka. "Ndinakulakwira kwambiri. Tsiku limenelo ndinadzitsekera muno, sindinasoke kanthu. Manyazi ndi amene anandimanga zaka zonsezi."

Nkhope ya pasikirini sinasunthe, milomo sinagwedezeke. Achemwali anadikira, anadikirabe, kenako anatembenukira kwa ine maso ali tuzu ndi mantha.

"Achimwene, yafanso?"

Ndinasuzumira. Misozi inali kutsika m'masaya mwa mwanayo mpaka kuchibwano.

"Siinafe, achemwali," ndinawauza. "Akulira. Pitirizani, akukumvani."