Chithunzi Chomaliza pa Filimu

Akulu ena ojambula zithunzi ku Chinamwali sankamalizira filimu yawo pankhope za anthu. Kaya ajambule ukwati, kaya ubatizo, chithunzi chomaliza ankasungira dzuwa. Loweruka ankapempha malo pa lole ya matabwa n'kukwera Phiri la Zomba, kamera ili m'khosi, kukakhala pathanthwe loyang'ana kuchigwa cha Shire. Kukachita chiperoni, kapena utsi wa moto wa m'tchire ukaphimba kumwamba, sankadina. Ankangotseka kamera n'kunena kuti, "Dzuwa lodwala salijambula."

A Shamsu, ogulitsa zipatso m'mbali mwa msewu wa kuphiriko, ndiwo ankawaperekeza. Iwo ndiwo anayamba kuona kuti akuluwo akupunthwa pamiyala imene ankaidziwa bwino, ndiponso kuti m'maso mwawo mwayamba kuyera ng'ala. Koma analibe poyambira kuwauza.

Tsiku lina mvula yoyamba itatsuka mpweya, kumadzulo konse kunafiira psuu. Akuluwo anayang'ana nthawi yaitali, kenaka anapukusa mutu.

"Utsi womwe uja, achimwene. Chaka chino anthu aotcha tchire mopanda chisoni."

A Shamsu anayang'ananso kumadzuloko. Kuvomera kunali kosavuta, koma likanakhala bodza.

"Kulibe utsi lero, bambo. Kwafiira kuposa masiku onse. Ndi maso anuwo."

Atanena zimenezi, a Shamsu anayamba kudziimba mlandu. Kenaka akuluwo anavundukula kamera.

"Ndilozereni pamene lili."

A Shamsu anawagwira chigongono n'kuwatembenuzira kumanzere pang'ono, ndipo akuluwo anadina. Phirilo sanalikwerenso.