Mpira wa ku Japan ndi dzanja lamanzere

Mwana wanga woyamba atalowa timu ya bezibo, masewera omenya kampira ndi chibonga, kuno ku Hyattsville, ankangofuna chinthu chimodzi: kukhala woponya, uja amaima pakati n'kumaponyera mnzake wa chibonga. Kochi anati Loweruka adzayesa ana onse, asankhepo mmodzi.

Ndiye mwanayo anapeza pa foni ya bambo ake kaponyedwe kena kotchedwa jairo, ati n'ka osewera a ku Japan. Akuti mpirawo umapita ukudzipota ngati sikuluu, wa chibonga n'kumangomenya mphepo. Bambo ake amaweruka mochedwa ku Landover, choncho wowakha ndinali ine. Ndinamanga chitenje n'kutenga lichero, poti golovesi la mwanayo silinkandilowa.

Tinaima pakapinga kuseri kwa nyumba. Mpira woyamba unakagwera m'maluwa. Wachiwiri unamenya bini.

"Amayi, wazungulira?"

"Amene akuzungulira pano ndine, pokautola."

Masiku anapita tili pomwepo. Tsiku lina mayi wa ku Chipata amene amakhala pamwamba pathu anasuzumira pawindo.

"Imwe amake mwana, nanga uyu agwirira chani chigongono? Aponya bola kapena apatsa moni apongozi?"

Ndinayang'anitsitsa. Zoonadi! Mwana amaponya ndi dzanja lamanja, lamanzere litachirikiza chigongono, maondo atapinda pang'ono. Komatu mwanayu anabadwa wamanzere. Kungoti kunyumba tinamuphunzitsa monga tinaphunzirira ife, kuti wamkulu sumupatsa chinthu ndi lamanzere. Ndiye iye anawerengera yekha: ine ndine wamkulu, kochi nayenso ali ndi imvi.

"Iwe, anzako umawaponyera ndi dzanja liti?"

Anakweza lamanzere.

"Nanga ine?"

"Mumakalipa," anatero m'Chingerezi chake chija.

Ndinamufotokozera bwinobwino kuti mbale ndi mbale, mpira ndi mpira. Anandiyang'ana ngati ndikumutchera msampha. Kenako anaponya. Ndinangomva phwa! Lichero lija ndinachokera nalo ku Lilongwe linabooka pakati, mayi wa pawindo n'kuyamba nthungululu.

Loweruka litafika, wowakha anali kochi mwiniwake. Mwana wanga ataona imvi zija, mpira unabwerera kudzanja lamanja, maondo n'kuyamba kupinda. Ine kumpanda sindinaonenso za manyazi.

"Lamanzere, iwe! Ndakuloleza ine mayi ako!"

Azungu onse anatembenuka. Mwana anasintha dzanja n'kuponya, mpira n'kulira thi! m'golovesi la kochi. Kochiyo anaimirira akukupiza zala, nati umenewo si jairo ngakhale pang'ono, ndi mpira wamba wowongoka, koma woponya wamanzere wakhala akumusowa kalekale. Anasankha iyeyo.

Mwana wanga anavula kapu, n'kupita kukapepesa kwa kochi kuti wawapweteka zala.