Mwana wa mphero wa ku Nebraska

Ndikukumbukira chaka chathu choyamba ku Laurel, tauni ya pafupi ndi Washington, ndili ndi zaka khumi. Tinali titangochoka ku Limbe, bambo atapeza ntchito ku Washington, mayi akugwira ya unamwino. Onse ankaweruka mochedwa, choncho ndikatsika basi ya sukulu ndinkakagogoda khomo loyandikana ndi lathu, kwa a Ruth, mayi wachikulire wachizungu amene ankakhala okha. Ankandipatsa mkaka ndi mabisiketi, n'kumandiwongola Chingelezi.

Tsiku lina aphunzitsi anatiuza kuti aliyense akafunse munthu wamkulu kumene makolo ake anachokera. Ine ndinafunsa a Ruth. Anatsitsa pakhoma chithunzi chakalekale, chofiirira. Panali mwamuna wandevu, mkazi wowonda atanyamula khanda, ndi ana opanda nsapato, onse ataima kutsogolo kwa kanyumba kafupi kamene padenga pake panamera udzu. Kumbuyo kwawo kunalibe ndi mtengo umodzi womwe, chigwa chokhachokha mpaka polekezera maso.

"Uku ndi ku Nebraska," anatero. "Khandali ndi bambo anga."

"Nanga nyumbayi anamangira chiyani?"

"Dothi. Ankalidula ndi udzu wake womwe n'kumasanja ngati njerwa. Nkhuni kunalibe, ankaphikira ndowe zouma."

Ndinangoti kukamwa yasa. Mzungu kuphikira ndowe! Ine ndinkayesa kuti anthu amenewa amabadwira m'nyumba zamagetsi chilengedwere dziko. A Ruth anandisimbira za dzombe limene linkatha chimanga, ndi za mwana wina wa pachithunzipo amene anafa ndi chisanu n'kuikidwa kuseri kwa nyumba. Anati agogo awo anapirira zonsezo chifukwa boma linkapereka malo ulere kwa aliyense wolimba mtima kukawalima.

Madzulo ndinafotokoza zonse kunyumba mpaka phuma. Bambo anaseka za ndowezo. Mayi sanaseke.

"Ulere?" anafunsa. "Malo onsewo?"

Loweruka mayi anakazinga mandasi kuti tikathokoze a Ruth pondisunga. Titangolowa, mayi anaima. Maso awo anali pa mwala wobulungira umene unkatchinjiriza chitseko cha kukhitchini kuti chisatsekeke. Ine ndinkaudumpha tsiku ndi tsiku osauganizira kanthu. Mayi anawerama n'kuutola.

"A Ruth, mwala uwu munautenga kuti?"

"Agogo anga anautola m'munda mwawo, pulawo itaufukula."

Mayi anautembenuza, kenaka anagwira dzanja langa n'kuliika pamwalapo. Unali wozizira, mbali imodzi yosalala ngati sopo wotha.

"Tadala, uyu ndi mwana wa mphero," anandiuza m'Chichewa. "Pali mzimayi amene ankaperera ufa ndi mwala umenewu mpaka kusalala chonchi." Atatero anatembenukira kwa a Ruth. "Ndiye kuti mundawo unali ndi eni ake."

Ndinaona ngati mayi atukwana munthu wamkulu m'nyumba mwake, ndipo mawa lake ndikapeza khomo lotseka. Ndinawakoka juzi. "Amayi, tiyeni tizipita," ndinanong'ona.

A Ruth anakhala pampando pang'onopang'ono. Ketulo inayamba kulira pachitofu, koma palibe anadzuka.

"Unali ndi eni ake," anayankha. "Anthu a mtundu wa Pawnee. Ankalima chimanga kumeneko. Boma linawasamutsira kummwera agogo anga asanafike. Agogo ankadziwa bwinobwino. Mwana akafunsa za mwalawu ankamutuma kukatunga madzi."

"Nanga bwanji ine simunandiuze?" Mawuwo anangondipulumuka, ulemu ndaiwala.

"Kwathu nkhaniyi timaiyambira pa tsiku limene ngolo yathu inafika. Ndinaimva choncho, ndakalamba ndikuikamba choncho."

Mayi anakhala pansi nawonso, mwala uli pamiyendo. Anandiyang'ana ine.

"Ukukumbukira minda ya tiyi ya ku Thyolo, ija unkati ndi yokongola ngati kapeti? Pamenepo panali mudzi wa agogo anga. Atabwera eni esiteti, anawauza kuti malowo agulidwa. Wofuna kukhala azigwira thangata, wokana asamuke. Manda a abale athu anatsalira pakati pa tiyi."

Paminda imeneyo tinkaima ndi galimoto popita kwa amalume, ine n'kumathamanga m'mizere ndikuseka. Palibe anandiuzapo kuti ndikuponda pabwalo la makolo anga. Mayi anabwereza nkhaniyo m'Chingelezi, a Ruth akumvetsera atagwira pakamwa. Mandasi anazirala m'mbale.

Lolemba ndinapita ndi mantha kukagogoda. A Ruth ananditsegulira monga mwa masiku onse. Chitseko cha kukhitchini anachitchinjiriza ndi mpando, ndipo mwala uja unali pashelefu, pansi pa chithunzi.

Kwa nthawi yaitali ndinkasowa chochita ndi mwamuna wandevu uja. Ndinkafuna kumuda, koma ndinkakumbukira kuti anakumba manda a mwana wake m'dothi louma gwa ndi chisanu. Ndinkafuna kumumvera chisoni, koma m'dzanja langa munkabwera kusalala kwa mwala uja.

Lero ndine mayi wa ana awiri, ndimakhala ku Rockville, ndipo ndaphunzira kuti zonse ziwiri n'zoona: munthu akhoza kuvutikira malo ndi thukuta ndi misozi, malowo ali olandidwa kwa mnzake. Ndikamva wina akunyadira kuti makolo ake anafika pamalo popanda munthu, sindimutsutsa. Ndimangomufunsa mwaulemu kuti amene analipo anapita kuti.